Lonjezo, Usanayambe Kuyeza Umoyo wa Anthu

Lonjezo mwana wanga,

Ndikulemba masana ano iwe uli ku Chiringa kokamangitsa tsitsi. Abambo ako apita kukaona nandolo kumunda, ndiye pakhomo pano pali zii, nkhuku zokha. Ndaona kuti ndikadikira kuti tikhale pansi madzulo sindinena kanthu, chifukwa azakhali ako abwera kudzatsanzikana nawe, ndipo iwo aja akayamba kulankhula ukudziwa wekha. Kalatayi ndiika m'thumba la m'mbali la chikwama chako, momwe muli mtedza. Ukaiwerenge utafika ku Lilongwe, utasamba, utapeza pogona.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ntchito yakoyi sindinaimvetse bwinobwino. Anthu kutchalitchi akandifunsa ndimati mwana wanga ndi katswiri wa zachuma, iwo n'kumaganiza kuti ukakhala pawindo kubanki. Ndimawauza kuti ayi, iye ndi woona ngati zimene boma ndi mabungwe amachita zikusinthadi umoyo wa anthu, ndani akupindula, ndani akutsalira. Amagwedeza mutu ngati amva, koma ndimaona m'maso mwawo kuti sanamve. Inenso ndamva theka. Tsiku lija tikusenda chinangwa cha makaka unandifotokozera kuti ofesi yanu ikamva zoti kwinakwake kumangidwe msewu, kapena kugawidwe thandizo, imakhala pansi n'kuyerekeza zabwino zake ndi zoipa zake, kenako n'kulangiza akuluakulu. Kuyambira tsiku limenelo mutu wanga sunapume. Umoyo wa munthu amauyeza bwanji? Ndipo mukayeza wanga n'kuyeza wa aneba, mumaphatikiza bwanji, pamene zondisangalatsa ine iwo siziwakhudza n'komwe? Sindikufunsa monyoza ayi. Ndikufunadi kudziwa, ndipo ukadzabwera pa Khirisimasi udzandiyankhe modekha ngati ukuphunzitsa mwana wa Sitandade 1. Ine za m'mabuku ako ndilibe. Chomwe ndili nacho ndi zolakwa zanga, chifukwa ntchito yakoyi ndinaigwirapo kangapo ndisakudziwa kuti ili ndi dzina, ndipo nthawi zambiri ndinaigwira molakwika.

Cholakwa choyamba ndinachita iwe uli kumbuyo, usanayambe n'kukwawa komwe. Kunabwera anthu a kafukufuku ochokera kutauni, mafomu ali m'zikwama zapulasitiki. Ankafuna munthu wodziwa kuwerenga amene amamvanso Chilomwe, chifukwa akuluakulu ena kwathu kuno Chichewa amalankhula ndithu, koma ukawafunsa za mumtima amabwerera ku Chilomwe. Ine ndinali nditalekeza Fomu 2, ndiye anandisankha. Ndinkayenda ndi mayi wina wamagalasi, wofatsa bwino, iye akufunsa, ine ndikumasulira. Mafunso ambiri anali osavuta: ana angati, mbuzi zingati, denga ndi la udzu kapena la malata, dzulo munadya kangati. Koma panali funso limodzi la makwerero. Papepala anajambulapo makwerero, pansi penipeni pakhale moyo woipitsitsa, pamwamba penipeni moyo wabwino koposa, ndiye munthu aloze pamene waima.

Tinafika kwa a Muhiwa, aja a nyumba yoyandikana ndi mlatho wamatabwa. Iwe unawadziwa atakalamba, koma nthawi imeneyo anali bambo amphamvu, oluka madengu ndi nkhokwe. Anatenga pepalalo, kuliyang'ana nthawi yaitali, kulitembenuza, kenako anandifunsa m'Chilomwe kuti mlendoyu akufunsa za mwezi uno kapena za mwezi wa February. Anati mwezi uno, poti takolola, iwo ali pamwamba apa, koma mu February amakhala pansi apo, chonsecho munthu ndi yemweyo. Anafunsanso ngati aloze za iwo okha kapena pamodzi ndi akazi awo, omwe ankadwaladwala chifuwa, chifukwa sakanatha kukwera okha mnzawo ali pansi. Mayi wamagalasi uja anandifunsa kuti akuti chiyani. Dzuwa linali litapendeka, nyumba zina zikutidikira, iwe ukulira kumbuyo. Ndinangoti, “Akuti pakati.” Iye analemba pakati, ife n'kunyamuka.

Fomu imeneyo inapita ku ofesi yonga yakoyo, Lonjezo. Munthu wina wophunzira anaiphatikiza ndi mafomu ena n'kulemba kuti anthu a kuno amaona moyo wawo mwakutimwakuti, osadziwa kuti m'katimo muli bodza la mayi wotopa. Ndiye ukamaona manambala pakompyuta yako, uzikumbukira kuti ena anadutsa pakamwa pa munthu ngati ine. Uzifunsa kuti anafunsa mwezi uti, m'chilankhulo chanji, ndiponso ndani anaima pambali akumvetsera, chifukwa palibe bambo amene anganene kuti dzulo anagona ndi njala apongozi ake ali pomwepo. Koma ndikufunanso kudziwa: masiku ano mafomu anu ali nawo malo olembapo yankho ngati la a Muhiwa? Kapena kompyuta nayonso imafuna nambala imodzi basi?

Cholakwa chachiwiri chinagwera a Muhiwa omwewo, ndipo ichi ndi cholemera. Unali Sitandade 6 chaka chimene mvula inadula chimanga chitangomasula. Thandizo la chakudya linabwera, koma losakwanira aliyense, choncho mudzi unasankha komiti yolemba maina a ovutikitsitsa. Ine ndinalimo. Anatipatsa zizindikiro zoti tiziyang'ana: denga, ziweto, njinga, kukula kwa munda. Tinakumana m'kalasi kusukulu, anthu atadzaza mpaka m'mawindo. Munthu wina anatchula a Muhiwa. Ndine ndinayamba kutsutsa. Ndinati tingalembe bwanji munthu wogona m'nyumba yamalata pamene ena denga lawo ndi udzu wowola, likudontha? Ndinalankhula bwino kwambiri moti anthu anawomba m'manja, ndipo ndinamva kukoma. Dzina lawo silinalembedwe. Chodabwitsa n'chakuti tonse tinkadziwa kuti malatawo anakhoma ndi mwana wawo Yohane, amene ankagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Mulanje. Tinkadziwanso kuti Yohane anamwalira chaka chotsatira, n'kuwasiyira ana atatu. Kumaliro kwake tinapita, ine ndinaphika nawo. Koma tsiku limenelo m'kalasi muja zinthu ziwirizi sizinakumane m'mutu mwanga. Ndinangoona malata.

Patapita milungu ingapo ndikuchokera kumsika, tayala la njinga linaphulika pafupi ndi mlatho, ndiye ndinalowa pakhomo pawo kupempha madzi akumwa. Pamoto panali mphika wa mango aawisi owiritsa, ndipo ndinadziwa kuti chakudya cha tsikulo ndi chomwecho. Akazi awo anali chigonere pamphasa. Kamdzukulu kawo kotsiriza, Esinati, kanakhala pakhonde mapazi atatupa, tsitsi litafiira. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anandilankhulitsa zopusa. Ndinawafunsa kuti bwanji osazula malata angapo n'kugulitsa. Sanakwiye. Anayang'ana kudenga n'kunena kuti, “Amake Lonjezo, ichi ndi chinthu chokhacho chimene Yohane anandisiyira choti ndingachikhudze ndi dzanja. Komanso mvula yabweranso iyi, ndikazula, anawa ndiwagoneka pati?”

Mawa lake abambo ako ananyamula Esinati panjinga kupita naye kuchipatala, ndipo anachira. Ndi yemwe uja amasoka zovala pakhonde la sitolo ku Chiringa, amene anakusokera siketi yabuluu. Koma mndandanda unali utatumizidwa kale, ndipo anatiuza kuti sungasinthidwe mpaka ulendo wina. Ife oyandikana nawo tinkagawana nawo makaka ndi nyemba za kalongonda, zomwe nafenso zinali zochepa. Akazi awo anamwalira tisanakolole. Sindinganene kuti mndandanda wathu ndiwo unawapha, poti chifuwa chinali chakalekale. Koma sindinganenenso kuti sunathandizire.

Usandimve molakwa, mwana wanga. Sindikunena kuti zizindikiro n'zachabe. Pakanapanda izo tikanalemba abale athu okhaokha, mitima yathu ndikuidziwa. Chimene ndikupempha n'chakuti ukamakonza malamulo a mtundu umenewu, uzisiya khomo loti munthu wolakwiridwa adzagogodepo, ndipo khomolo likhale pafupi, loti nkhalamba ingafikepo wapansi. Unandiuza kuti m'mabuku mwanu muli zolakwa za mitundu iwiri, kusiya munthu woyenera ndi kulemba munthu wosayenera, ndipo ukachepetsa china, chinzake chimakula. Ine ndinkaopa chachiwiricho, kuti anthu anganene kuti komiti yakondera. Lero ndimaopa choyambacho. Kodi anzako a ku ofesi amaopa chiti? Ukawafunse, ndipo ukaone nkhope zawo poyankha.

Cholakwa china n'choseketsa, ngakhale tsiku lake sindinaseke. Chaka china nandolo anayenda malonda, ndiye ndinaganiza zowachitira chinthu chachikulu agogo ako a ku Jenala. Ndinkawamvera chisoni kuti munthu wamkulu chotere akugona pamphasa. Ndinagula matiresi, kumangirira panjinga, kupalasa mtunda wonse uja mphepo ikundikankhira kutchire. Anawalandira ndi nthungululu, aneba anabwera kudzakhalapo mosinthana. Patatha miyezi itatu ndinapitanso, ndinapeza mphasa ili pamalo pake, matiresi palibe. Anali atasinthanitsa ndi aphunzitsi ena a pafupi, iwo n'kulandira kafoni kakang'ono ndi kasola kotchajira. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti awabera, matiresi aja anali odula kuposa kafoniko. Anandisiya ndilankhule mpaka ndithe, kenako anandiuza kuti msana wawo unazolowera mphasa chibadwire ndipo sunadandaulepo, koma mawu a mlongo wawo wa ku Mozambique anali asanawamve zaka zambiri. Kuchokera pamenepo ankalankhulana Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, mpaka pamene agogo ako anatisiya. Ine ndinawerengera mtengo wa kusitolo, iwo anawerengera zina, ndipo olondola anali iwo. Ndiye usanasankhire anthu chowayenera, uziyamba wawafunsa. Ambiri amadziwa pamene pakuwawa kuposa iwe ndi ine.

Komabe apanso pali pondizunguza. Ukuwadziwa abambo aja a kuseri kwa chigayo, dzina sinditchula. Iwo aja ukawafunsa chimene akufuna, n'kuwapatsa ndalama m'manja kuti asankhe okha, madzulo ake uwapeza kokachasu, ana awo akutola mango. Nawonso asankha, eti? Ndiye mukamati nyumba yakutiyakuti yapindula, mumatanthauza ndani m'nyumbamo? Fomu imalemba nyumba ngati munthu mmodzi, chonsecho muli anthu asanu, ndipo mbale zawo sizidzaza mofanana. Usaiwale kusuzumira m'kati.

Tsopano ndikuuze za nkhuku, kuti udziwe mmene ife akumudzi tidzakulandirire ukadzabwera pagalimoto ya ofesi. Bungwe lina linapatsa gulu lathu la amayi nkhuku zoweta, n'kutithandiza kumanga khola. Sipanapite nthawi chitopa chinalowa, zinatsala zitatu zokha. Kenako tinamva kuti kukubwera alendo kudzaona mmene ntchito ikuyendera. Tinaopa kuti akaona khola lopanda kanthu sadzatiganiziranso, ndiye ine ndinapereka nzeru. Tinayenda khomo ndi khomo kubwereka nkhuku, ndipo pofika m'mawa wa tsikulo khola linali lodzaza. Alendo anafika, anajambula zithunzi, anatifunsa ngati moyo wathu wasintha, ife tinati wasinthiratu, n'kuimba nyimbo. Mmodzi wa iwo, bambo wachete amene ankatsalira m'mbuyo, anaima pakhola nthawi yaitali. Kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti n'chifukwa chiyani nkhuku zokulira pamodzi zikujomphana chonchi ngati zakumana lero. Ndinati ndi njala. Anandiyang'ana, n'kulemba kanthu m'kabuku kake. Sindidziwa chimene analemba. Chomwe ndikudziwa n'chakuti chaka chotsatira bungwelo linakagawanso nkhuku za mtundu womwewo kumidzi ina, popanda katemera, ndipo nakonso zinatha. Tikananena zoona mwina akanayamba ndi katemerayo. Bodza lathu linakapweteka amayi ena amene sitinawaonepo.

Ndiye ukhale ngati bambo wachete uja, wotsalira m'mbuyo n'kumayang'ana nkhuku pamene ena akumvera nyimbo. Koma usatinyoze ukatigwira. Munthu amanama chonchi chifukwa cha mantha, ndipo ukamuchotsa mantha amakuuza zonse, mwinanso zopitirira zimene wafunsa. Ndiponso ndikuganiza kuti si ife tokha amene timabwereka nkhuku. Ku ofesi kwanuko kudzakhala akuluakulu ofuna kuti lipoti linene kuti zonse zayenda bwino, poti ntchitoyo anaiyambitsa ndi iwo. Tsiku lina adzakupempha mwaulemu kuti ukonze pang'ono. Uwayankhe mwaulemu womwewo, koma khola lopanda kanthu ulilembe kuti ndi lopanda kanthu. Pamene sukudziwa uzinena kuti sukudziwa. Ndikuzindikira kuti n'zosavuta kunena ndili pakhonde pano, pamene iwe ndiwe udzakhale ndi lendi yolipira. Ukadzaona kuti zakukulira, kuno kuli munda, sudzagona ndi njala.

Nkhani yomaliza ndi imene yandichititsa kuti nditenge cholembera. Ndi ya Abiti Saidi, mayi wachisilamu uja amene timalima naye moyandikana kudambo la mpunga, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Umawapatsa moni nthawi zonse, koma nkhani yawo sunaimve, chifukwa ndinkachita nayo manyazi. Iwe uli ku sekondale, alimi a kudambo kuja tinagwirizana zokumba ngalande yoti madzi a mumtsinje azifika m'minda ya kumtunda, imene inkauma msanga. Wathu unali umodzi mwa imeneyo. Odziwa za madzi atayendera malowo anati njira yabwino ndi imodzi yokha, yodutsa pakati pa munda wa Abiti Saidi. Munda wawo unali waung'ono kale, ndipo ngalande ndi milambala yake ikanadya pafupifupi wonse. Amuna awo anali atamwalira, ana ali aang'ono. Pamsonkhano ndinaimanso ine, pakamwa panga pomwepa. Ndinati mabanja ambirimbiri apindula, wotaya ndi mmodzi, ndipo phindu lake ndi lalikulu moti aliyense akapereka ndowa imodzi ya mpunga pokolola, mayiwa adzapeza wochuluka kuposa umene ankakolola okha. Zinali zoona, tinawerengera pamodzi. Anthu anakweza manja. Abiti Saidi sanakweze, komanso sanatsutse. Anangofunda mpango wawo bwinobwino.

Ngalande inakumbidwa, mpunga unachita bwino kuposa kale lonse. Chaka choyamba pafupifupi aliyense anapereka ndowa yake. Chaka chachiwiri ena anati mbalame zinawadyera, ena anati apereka mawa. Chaka chachitatu palibe anapereka, ndipo inenso sindinapereke. Ndinadziuza kuti fizi yako yandipanikiza, komanso ndowa yanga imodzi singasinthe kanthu ena onse atasiya. Abiti Saidi sanapite kukadandaula kulikonse. Anatenga ana awo n'kupita kwa mchimwene wawo kudoko, kumene anayamba kuwamba nsomba n'kumagulitsa.

Unandiuza tsiku lija la makaka kuti m'maphunziro anu muli mfundo yakuti chinthu chimaonedwa kuti n'chabwino ngati opindula angathe kubwezera otaya n'kutsalabe ndi phindu. Ndinakufunsa kuti nanga akapanda kubwezera? Unati mfundoyo imangoti angathe, sinena kuti abwezeredi, ndipo akatswiri amatsutsana pa zimenezi mpaka lero. Unaona kuti ndinasiya kusenda n'kulowa m'nyumba, unayesa kuti mpeni wandicheka. Sunandicheke. Ndinadabwa kumva kuti zimene tinachita kudambo kuja zinalembedwa m'buku, ndipo anthu amakhoza nazo mayeso.

Koma tamvera mmene zinapitira, chifukwa sizinathere pamenepo. Tsiku lina ndinakumana ndi Abiti Saidi kumsika atayala matemba ndi milamba yowamba. Ndinafuna kudutsa ngati sindinawaone, koma anandiitana. Anali atanenepa, atavala chitenje chatsopano. Anandiuza kuti kudoko ndalama imaoneka tsiku ndi tsiku, osati kamodzi pachaka, ndipo msana unasiya kuwawa. Za mpunga sanatchule. Ponyamuka anandiwolera matemba m'pepala, anakana ndalama, anati ndikampatse mwana wasukulu uja. Unali patchuthi, unadya, unati ndi okoma. Ine ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ndikudziuza kuti kani tinawathandiza, ngalande ija inawatsegulira mwayi.

Kenako nyanja inaphwa. Ukukumbukira, mabwato ali gada pamatope ong'ambika, anthu akuyenda wapansi pamene kale ankapalasa. Asodzi ndi owamba nsomba amene anali ndi minda anabwerera kuminda yawo. Abiti Saidi analibe kobwerera. M'mawa wina tikuwokera mpunga ndinaona munthu ataima pamlambala wa ngalande, khasu lili paphewa. Anali iwo, atabwera kudzafunsa ganyu. Anafunsa kwa ine, m'munda wothiriridwa ndi madzi odutsa pamene panali munda wawo. Ndinawapatsa ganyuyo chifukwa sindinadziwe chochita china, ndipo tinawokera limodzi tsiku lonse, mzere ndi mzere. Ndiye tandiuza, katswiri wanga, mayi amenewa tiwalembe mbali iti, ya opindula kapena ya otaya? Ukanabwera ndi fomu chaka cha chitenje chatsopano ukanalemba zina, chaka cha ganyu ukanalemba zina. Munda sunkawalemeretsa, koma unali pothawira. Kodi pothawira mumapaika mtengo wanji, pamene chaka chabwino sipaoneka ntchito yake?

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera abambo ako, ndipo iwo, monga umawadziwira, anagona nayo nkhaniyo mpaka mawa lake. Atadzuka anangoti tiwadulire Abiti Saidi chigawo cha munda wathu, cha kumunsi, chikhale chawo mpaka kalekale. Tinayesa kuuza anzathu a ngalande kuti nawonso achitepo kanthu. Awiri anavomera kupereka mbewu, ena anati nkhaniyo ndi yakale. Tinaitana Abiti Saidi ndi mboni, tinawaonetsa malire. Anayenda m'mbali mwake akuwerenga mapazi, kuchokera kungodya mpaka kungodya, n'kubwera kudzaima patsogolo pathu. Anati ndi wocheperapo poyerekeza ndi wawo uja, koma alandira. Sanathokoze, ndipo ine sindinayembekezere kuti athokoze. Akulima pamenepo mpaka lero, ndipo timabwerekana zikwakwa.

Sabata yatha tikupuma pamlambala ndinawauza kuti wapeza ntchito ku Lilongwe. Anafunsa kuti ntchito yanji, ndipo ndinayesetsa kufotokoza monga ndimachitira kutchalitchi. Iwo anamva msanga kuposa onse aja. Anati, “Ndiye kuti ndi amene amanena kumene ngalande idutse.” Ndinati mwina n'chimodzimodzi. Anatafuna kaudzu, kenako anati ali ndi funso, koma si lofunsa mwanayo, ndi lofunsa ine, ndipo akhala nalo zaka zonsezi. Anati, “Amake Lonjezo, odziwa za madzi aja akananena kuti njira yabwino ndi ya m'munda mwanu, ndowa zake zomwezo, lonjezo lake lomwelo, inu dzanja mukanakweza?”

Sanandikakamize. Tinabwerera m'madzi kukapitiriza kuzulira. Ndaliganizira funsoli masiku onsewa, pophika, potunga madzi, ngakhale m'tchalitchi abusa akulalikira. Ndayesa kudzinamiza kuti ndikanakweza poganizira anzanga. Koma ndikudziwa mmene anthu amaiwalira ndowa chaka chachitatu, poti woiwalayo ndinali ine. Sindikanakweza, Lonjezo. Ndikanalira, ndikanapita kulikonse kokadandaula, ngalandeyo ikanakhota. Mawa ndikakuperekeza pasiteji ndipitirira kudambo, ndikawauze zimenezi pamaso.

Iwe udzakhala m'zipinda momwe anthu amakweza manja pa minda ya anthu ena, ya anthu ambiri kuposa a kudambo kwathu, amene sudzawaona n'komwe. Nthawi zina ngalande iyenera kukumbidwa ndithu, sindikukana, mpunga wake ndi umene unakuphunzitsa. Koma usanakweze dzanja uzidzifunsa funso la Abiti Saidi, ndipo ukapeza kuti yankho ndi ayi, usatuluke m'chipindamo mpaka zimene zalembedwa zoti wotayayo alandire zikhale zoti iweyo ungazivomere utakhala iye.

Ndikumva belu la njinga ya abambo ako kumsewu, ndiye ndilekere pomwepa ndikawapatse madzi osamba. Uzidya m'mawa usanapite kuntchito. Ukapeze tchalitchi. Uziimba foni Loweruka masana, pamene abambo ako amakhala pakhomo, chifukwa iwo sanganene koma adzakhala akudikira.

Uyende bwino, Mulungu akutsogolere kumene ife sitingafike.

Ndine amayi ako,
amene akudikira mayankho.